Analapa pa ovanaiti koma ng'ombe za bambo anga sanabweze

Mai a Tadala, Bangula:
Abale anga muli bwanji nonse. Ndakhala chete pagulu pano nthawi yaitali koma lero ndithandizeni maganizo, nkhani yake ndi yaitali pang'ono mundipilire. Mukukumbuka madzi a namondwe Ana aja mu Januwale 2022, kwathu analowa usiku tinathawira pa kampu pa sukulu. Bambo anga anali ndi ng'ombe ziwiri za pangolo, ndi zomwe tinkadyera, kututa mchenga, njerwa, matumba a mapira, thonje kupita nalo ku msika. Anazithawitsira kumtunda kwa abale, patatha masiku anayi kupita kukaziona anapeza khola lili pululu. Tinafufuza mpaka kutopa. Kenako zinamveka kuti anazitenga ndi mwana wa azakhali anga enieni ndi anzake, anaziyendetsa usiku kukagulitsa kwa mabutchala. Umboni wogwira ndi manja tinalibe ndiye bambo anangoti zisiyeni chibale ndi fupa. Ngolo inaolera pakhomo, bambo ndi ukalamba wawo anayamba maganyu m'madimba a anthu, chaka chatha anatisiya. Tsono mwezi wathawu kutchalitchi kwathu kunali ovanaiti, mnyamata uja anapita kutsogolo akulira nkupereka umboni kuti ndinali chidakwa ndinali wakuba Yesu wandisintha, azimayi nthungululu, abusa kumusanjika manja. Pano ali mu kwaya. Koma kwa amayi anga sanafikeko olo kungoti pepani. Lamulungu lapitali abusa analalikira za kukhululuka ka 70 kuchulukitsa ka 7 ine ndimangomva ngati akunena ine. Mgonero ndasiya kudya chifukwa ndikamuona mtima umachita kuwira. Funso langa ndi ili, chisomo cha Mulungu chimafufutanso ngongole ya ng'ombe? Kapena wochimwa pano ndine amene ndikukanika kukhululuka?

Wakabaza pa Dyeratu:
Ali mu kwaya?? kkkkk akuluakulu ananena kale kuti ukaipa dziwa nyimbo

Admin:
Akabaza nkhani iyi muli maliro, chepetsani. Pepani mai a Tadala. Tiyeni tiyankhe bwinobwino ndipo pasapezeke wofunsa dzina la mnyamatayo kapena la mpingo.

Mnyamata wa Yesu, Nchalo:
Mayi pepani kwambiri zimene munadutsamo. Koma ndikuuzeni chilungamo ngakhale chikuwawa. Aefeso 2:8-9 akuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, sizochokera ku ntchito kuti wina asadzitamandire. Munthu akabwera kwa Yesu zakale zapita, 2 Akorinto 5:17. Wachifwamba uja wa pamtanda anabweza chani kwa anthu amene anawabera? Palibe. Koma anauzidwa kuti lero lomwe ukhala nane mu Paradaiso. Tikayamba kunena kuti munthu ayambe wabweza ng'ombe ndiye akhululukidwe ndiye kuti tikugula chipulumutso ndi ng'ombe, mwazi wa Yesu ulibenso ntchito. Inu khululukani mumasuke basi, Mulungu adzakubwezerani mwa njira yake.

Wakabaza pa Dyeratu:
Wachifwamba uja manja anali okhomedwa ndi misomali akanabweza bwanji. Uyu manja ali bwinobwino akuwombera nawo m'manja mu kwaya

Anaphiri a ku Muona:
Apa akabaza mwanena zomveka koyamba chilowereni pagulu pano. Ine ndine wa Katolika ndiye ndinene za kwathu. Munthu ukapita kukalapa kwa abambo mfumu nkunena kuti ndinaba, sikuti amangoti pita ndi mtendere basi ayi. Timaphunzitsidwa kuyambira pa kalasi ya Ukaristia woyamba kuti kulapa kumafuna chisoni chenicheni pa tchimo, kuulula, ndi kukonza chimene unaononga. Tchimo Mulungu amakhululukira ulere, koma katundu wa mwini amakhalabe wa mwini. Ngati uli ndi njira yobwezera nkumakana dala ndiye kuti chisoni chija nchabodza. Ngati ulibe, umayamba ndi pamene ungathe. Ndiye ine zoti munthu ayime kutsogolo kwa anthu 200 nkuti ndinali wakuba osanena kuti ndinaba chani kwa ndani, mmm. Kulira pagulu nkophweka kusiyana ndi kugwada pakhonde pa mayi wamasiye mmodzi.

Mnyamata wa Yesu, Nchalo:
Amayi ife sitiulula kwa munthu, mkhalapakati ndi mmodzi yekha 1 Timoteo 2:5

Anaphiri a ku Muona:
Mwana wanga werenganso Yohane 20:23 ndi Yakobo 5:16 kenako udzandipeze. Koma lero sitikukamba zimenezo, tikukamba ng'ombe za eni ake.

Gogo Mlaliki, Ngabu:
Moni nonse ana anga. Ndalemba mochedwa chifukwa maso anafooka, akundilembera ndi mdzukulu. Ine ndalalikira zaka zambiri kuno ku chigwa, milandu ya ng'ombe ndaiona yochuluka, kuno kwa Ngabu ng'ombe ndiye banki ya munthu. Mnyamata wa ku Nchalo sukunama, ndipo Anaphiri sakunama, koma aliyense wagwira mwendo umodzi wa nyama. Tsegulani Luka 19 pa nkhani ya Zakeyu muone chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Zakeyu ali mu mtengo wa mkuyu sanalonjeze kanthu, sanabweze kanthu, sanapepese munthu. Yesu ndiye anayamba kumuitana ndi dzina nkuti lero ndikhala kunyumba kwako, anthu mpaka kung'ung'udza kuti akukadya kwa wochimwa. Chimenecho ndiye chisomo, chimafika munthu asanakonze kanthu. Koma taonani ndime 8, munthu yemweyo osakakamizidwa anaimirira nkuti theka la chuma changa ndipatsa osauka, ndipo amene ndinamulanda kanthu ndimubwezera kanayi. Apo mpamene Yesu ananena kuti lero chipulumutso chafika pa nyumba ino. Zakeyu sanagule Yesu ndi ndalama zija ayi, Yesu anali atalowa kale m'nyumba. Koma Yesu akalowa m'nyumba katundu wakuba sakhalitsamo. Ndipo lamulo la Mose pa Eksodo 22:1 likunena za nkhani yanu yomweyi mai a Tadala, wakuba ng'ombe nkuipha kapena kuigulitsa alipe ng'ombe 5, wakuba nkhosa alipe 4. Sindikuti mnyamatayo alipe ng'ombe 10, ife sitili pansi pa chilamulo chija ndipo alibe. Ndikungoonetsa kuti Mulungu amawerenga ng'ombe za munthu wosauka, sanaziiwale.

Wakabaza pa Dyeratu:
Ng'ombe 10 agogo ndiye kwaya yonse igulitsidwa pamodzi ndi kiyibodi

Mai a Tadala, Bangula:
Zikomo agogo. Ine ng'ombe 10 sindikuzifuna, ngakhale ziwirizo ndikudziwa sizingabwerere, zinadyedwa kalekale ngati kanyenya. Chimene chimandipweteka ndi choti bambo anamwalira anthu ena akuwanena kuti anagulitsa okha ng'ombe nkumanamizira mwana wa mlongo wawo. Akanangovomera basi dzina la bambo liyere.

Aphunzitsi a ku Makhanga:
Apa ndiye mwafika pa mtima pa nkhani. Ndiloleni nditalikitse pang'ono, netiweki kuno ikupezeka usiku wokha. Ine ndikuona kuti tikusakaniza zinthu zitatu mu mphika umodzi. Pali za pakati pa mnyamatayo ndi Mulungu, zimenezo ife sitingazione, mwina analapadi kuchokera pansi pa mtima. Pali za pakati pa mnyamatayo ndi banja lanu, zimenezo zikuoneka ndi maso ndipo sizinakonzedwe. Ndiye pali za mu mtima mwanu inuyo. Abusa anu analalikira Mateyu 18 ndime 21 ndi 22, chabwino, koma mutu womwewo ndime 15 mpaka 17 ukuti mbale wako akakuchimwira pita ukamuuze muli awiri, akakana tenga mmodzi kapena awiri, akakananso uuze mpingo. Yesu sananene kuti ungomeza nkukhala chete. Ndiye amene akukuuzani kuti khululukani basi osalankhula akukuwerengerani theka la tsamba.
Koma mbali inayo nayonso ilipo ndipo sindikubisirani. Fanizo lotsatira lija la kapolo amene anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu. Talente imodzi inali ngati madinari 6,000, ndipo dinari imodzi ndiye inali malipiro a ganyu ya tsiku lathunthu. Ana anga a Sitandade 8 ndinawapatsa samuyi, ndi masiku a ganyu 60 miliyoni. Olo utadula nzimbe ku Nchalo iwe, ana ako ndi adzukulu ako simungaimalize. Mfumu inangofufuta. Munthu yemweyo potuluka nkukagwira pakhosi mnzake wa madinari 100, ganyu ya miyezi itatu ndi masiku pang'ono. Madinari 100 si ndalama yochepa kwa wosauka, Yesu sakunena kuti zimene anakulakwirani ndi zazing'ono. Akunena kuti inu ndi ine tinakhululukidwa yoposa katapila aliyense. Ndiye kukhululuka kwanu sikungadikire mpaka ng'ombe zitabwera, chifukwa mwina sizibwera mpaka kale.

Mai a Tadala, Bangula:
Ndiye aphunzitsi ndikhululuke munthu woti sanapepese? Luka 17 paja akuti akalapa umukhululukire

Aphunzitsi a ku Makhanga:
Eya Luka 17:3 akutero, ndipo akuyamba ndi kuti umudzudzule. Mmene ndimamvera ine, pali kukhululuka koti mwasiya kumufunira zoipa, mwasiya kulota akugwidwa nkuwotchedwa, mlandu mwaupereka m'manja mwa Mulungu ngati mmene Aroma 12:19 akunenera. Kumeneko mungathe nokha ngakhale iye asabwere, ndipo sikuchitika tsiku limodzi, kumakhala ngati kupalira dimba, udzu umameranso. Koma kuyanjana koti mudyere mbale imodzi nkumusiyiranso makiyi a khola kumafuna anthu awiri. Yosefe ku Ejipito abale ake atabwera kudzagula tirigu sanathamangire kuwakumbatira, anayamba wawayesa ndi nkhani ya Benjamini kuti aone ngati anasinthadi. Kukhulupirira munthu kumabwera pang'onopang'ono ndipo sikuti mwachimwa mukachedwa nako.

M'bale wa ku Tengani:
Vuto lenileni ndi loti mipingo yambiri inasiya malamulo khumi, mukasiya lachinayi la Sabata lachisanu ndi chitatu la kuba limagwanso lokha

Admin:
Achimwene a ku Tengani za Sabata tinakambirana sabata zitatu zathunthu mwezi wa June mpaka anthu awiri anatuluka pagulu. Lero ayi chonde.

M'bale wa ku Tengani:
Chabwino a Admin. Koma Ezekieli 33:15 muwerenge, woipa akabweza chikole ndi zimene analanda adzakhala ndi moyo. Ndathera pompo

Mnyamata wa Yesu, Nchalo:
Ndawerenga zonse ndipo agogo ndakumvani. Koma ndifunse chimodzi. Yudasi anabweza ndalama 30 zasiliva zija, Mateyu 27, anavomeranso pamaso pa ansembe kuti ndachimwa ndapereka mwazi wosalakwa. Kubweza anabweza, kuulula anaulula. Zinamuthandiza chani? Anakadzimangirira. Petro anamukana Ambuye katatu sanalipe kanthu anangolira, koma ndi amene anauzidwa kuti dyetsa nkhosa zanga. Ndiye ine mantha anga ndi oti tikalimbikira kwambiri za kubweza anthu adzayesa kuti ndi zomwe zimatsuka tchimo. Ndipo mwana wolowerera uja chuma anamwaza chonse sanabweze olo tambala, bambo ake anamuthamangira nkumuphera mwana wa ng'ombe wonenepa.

Wakabaza pa Dyeratu:
Ng'ombe imene anamuphera ija inali ya bambo ake, osati ya neba

Gogo Mlaliki, Ngabu:
Kkkk wakabaza iwe ukanalowa sukulu ya ubusa. Koma mnyamata wa ku Nchalo wafunsa funso labwino, musamuseke. Zoona Yudasi anabweza ndipo sizinamupulumutse. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa chisoni cha kwa Mulungu chimene chimabala kulapa, ndi chisoni cha dziko chimene chimabala imfa. Yudasi anabweza ndalama kwa ansembe koma iye mwini sanabwerere kwa Ambuye. Ndiye ukunena zoona, kubweza popanda chisomo ndi imfa. Koma taona mwana wolowerera amene wamutchulayo, anapita kwa ndani? Sanaime pa msika nkulengeza kuti ndinali wolowerera. Anayenda ulendo wonse kupita kwa munthu amene anamulakwira nkuti ndachimwira kumwamba ndi pamaso panu, ndipo anali wokonzeka kukhala waganyu pakhomopo. Petronso Ambuye anamufunsa katatu maso ndi maso m'mbali mwa nyanja, funso limodzi pa kukana kulikonse. Mawu oti kutembenuka mtima ndi omveka bwino m'Chichewa chathu, munthu amene watembenuka amayang'ana kumene anachokera. Kumene anachokera mnyamata uyu ndi ku khola la amalume ake.
Ndionjezepo za Davide. Atachimwa ndi mkazi wa Uriya, Natani anamuuza kuti Yehova wachotsa tchimo lako sudzafa, pompopompo atangovomera. Koma mwana uja anamwalira ndipo lupanga silinachoke pa nyumba yake. Kukhululukidwa sikuchotsa zipsera zonse pansi pano. Akuluakulu amati mlandu suola, komanso pepani sapoletsa chilonda. Koma chilonda chopanda pepani ndiye chimanyeka kwambiri.

Wa ku Joni:
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira madzulo ndili pa shifiti, ndimafuna ndisalembe koma mtima wakana. Ine ndikuyankhula ngati munthu wa mbali ya mnyamatayo. Ndisanabwere kuno ku Johannesburg ndinali msungichuma wa banki nkhonde kwathu, ndinatenga ndalama za gulu ndi zomwe ndinakwerera basi. Azimayi aja anagawana zoperewera mu Disembala, wina analephera kulipirira mwana fizi ya Fomu 1. Kuno ndinalapa, ndinabatizidwa, ndinkapereka umboni ngati womwewo woti ndinali wakuba, ndipo sindinkanama, ndinkaliradi. Koma zaka ziwiri sindinaimbe foni kumudzi. Mukudziwa chifukwa? Si kuuma mtima, ndi mantha ndi manyazi. Kunena kuti ndinali wochimwa pa tchalitchi anthu amaombera m'manja. Kunena kuti ndine ndinatenga ndalama zanu mayi uje anthu amakulavulira, ndipo abale ako akumudzi ndi amene amavutika. Tsono za ng'ombe ndi zoopsa kuposa zanga, tonse a ku chigwa tikudziwa zimene gulu limachita likagwira woganiziridwa kuba ng'ombe, ena safika nkupolisi komwe. Komanso anali ndi anzake, akawatchula amuchita chani? Ndiye mwina mwanayo akumadutsa pakhomo pa amayi anu miyendo ikunjenjemera. Sindikumuikira kumbuyo. Ine chimene chinandithyola ndi Mateyu 5:23-24, kuti ukabwera ndi chopereka nkukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya choperekacho uyambe wakayanjana naye. Ndinkapereka chakhumi mwezi ndi mwezi nkumadziona woyera pomwe ngongole ya amasiye ili pamutu. Ndinaimbira amalume, anakaonana ndi amfumu, tinagwirizana kuti ndizitumiza pang'onopang'ono. Ndatsala ndi miyezi inayi. Ena anandikhululukira, mayi mmodzi mpaka lero sayankha moni wa amayi anga ndipo sindimuda.

Anaphiri a ku Muona:
Takhuta achimwene chifukwa chosabisa. Mulungu akulimbitseni mumalize.

Wakabaza pa Dyeratu:
Apa ndilibe nthabwala. Ulemu wanu bigi

Mai a Tadala, Bangula:
Achimwene a ku Joni mwandiliza. Zoti mwina akuopa sindinaziganizepo, ine ndimangoona ngati akutinyoza. Koma ngati ndi mantha bwanji ali ndi mphamvu yoimba kutsogolo amayi anga atakhala pa mkeka pompo?

Wa ku Joni:
Chifukwa kuimba kumaphimba, mlongo wanga. Ine ndinkaimba mokweza kuposa onse

Aphunzitsi a ku Makhanga:
Ndiye apa mpingo nawo uli ndi mbali. Sindikunyoza abusa anu, mwina sakudziwa nkomwe kuti umboni uja unali ndi mwini wake atakhala pa benchi yachitatu. Koma masiku ano timathamangira kuwerenga kuti pa ovanaiti alapa anthu angati, osafunsa kuti walapa chani ndipo tikuthandize bwanji kukonza. Makolo athu m'mipingo yakale munthu akagwa ankamuimitsa mgonero, amalowanso kalasi, akulu a mpingo amamuyendera kenako nkumubwezera poyera. Zinali ndi zoipa zake, nthawi zambiri amene ankadulidwa ndi atsikana oyembekezera okha pomwe wopereka mimba akukhala kutsogolo ndi jekete, zimenezo tisabise. Koma panali nzeru yoti kulapa kumafuna operekeza. Ndipo onani kalata ya Filemoni, ndi kachidule mutha kuimaliza tiyi asanazizire. Kapolo Onesimo anathawa kwa mbuye wake Filemoni, anakatembenuka ali ndi Paulo, Paulo sanati zakale zapita khala konkuno. Anamutumiza kwa Filemoni ndi kalata, ndipo pa ndime 18 akuti ngati anakulakwira kapena ali ndi ngongole nawe, uiike pa ine. Ndiye ngati mpingo ukukondwa kuti wapeza nkhosa yotayika, usenzeko nawo ngongole ya nkhosayo. Timasonkha za malata, za njinga yamoto ya abusa, za yunifomu ya kwaya. Kusonkha kuti mayi wamasiye apeze olo kang'ombe kamodzi kwalephereka pati?

Mnyamata wa Yesu, Nchalo:
Izi za Filemoni sindinazionepo chonchi. Ndi zomwe Yesu anatichitira, ngongole yathu anati iikeni pa ine. Chabwino ndavomera kuti apite akapepese. Koma ndikukanirabe pamodzi, asauzidwe kuti sunapulumuke mpaka utalipa. Mwana wongobadwa kumene mukamuopseza choncho abwerera ku kachasu.

Gogo Mlaliki, Ngabu:
Pamenepo tagwirizana mwana wanga. Palibe amene ali ndi kiyi ya kumwamba pagulu pano. Mai a Tadala malangizo anga ndi awa. Musapite nokha, ndipo musayambire kwa amfumu kapena kupolisi, mukatero atseka pakamwa ndipo mudzi ukamva zitha kuipa. Pezani mkulu wa mpingo mmodzi wosunga chinsinsi, ndi munthu wamkulu mmodzi wa kubanja amene mbali zonse zimamumvera. Amuitane mnyamatayo pamalo a phee, amutsimikizire kuti palibe womugwira. Mufunseni funso limodzi lokha, pa umboni uja unati unali wakuba, kodi ng'ombe za amalume ako zinali m'gulu la zimene unalapa? Akavomera musamuuze mtengo tsiku lomwelo, amayi anu ndiwo anene chimene mtima wawo ukufuna. Akakana, mwachita mbali yanu, musiyeni ndi Mulungu wake. Za mgonero, gome lija si la anthu amene mitima yawo yapola kale. Ngati mukulimbana nawo mkwiyowo nkumaupereka kwa Ambuye, ndinu woyenera kudya kuposa amene sakumva kanthu. Koma kambiranani ndi akulu a mpingo wanu, mipingo imasiyana kachitidwe.

Anaphiri a ku Muona:
Ndipo amayi anu mwawafunsa? Tikukamba tonse pano mwini chilonda sitinamumve

Mai a Tadala, Bangula:
Amayi samayankhula za nkhaniyi. Mukaiyamba amangonyamula khasu. Ndiyesa mawa.

Admin:
Tiyeni tiwapempherere, mai a Tadala mudzatiuze mmene zayendera ngati mungafune.

Mai a Tadala, Bangula:
Abale ndabweranso, pepani padutsa sabata ziwiri foni inagwera m'madzi ku dimba. Tinachita monga agogo ananenera. Anapita ndi abambo aang'ono ndi mkulu wa mpingo mmodzi, ine anandiuza ndikhale kaye. Akuti atangomufunsa funso lija anakhala chete nthawi yaitali kenako anayamba kunjenjemera nkuvomera. Akuti anali atatu, iye ndiye analoza khola, anamupatsa ndalama yochepa yomwe inathera ku mowa sabata yomweyo. Anzakewo sanawatchule ndipo sitinamukakamize. Akuti pa maliro a bambo anakumba nawo manda ndipo kuyambira tsiku limenelo tulo sankagona, ndi chimene chinamupititsa kutsogolo pa ovanaiti paja. Loweruka anabwera kunyumba ndi azakhali. Anagwada panja pa dzuwa lija la kuno osafuna kulowa pa mthunzi. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali nkumufunsa kuti pamene amalume ako ankapita ku ganyu ndi ndodo unkawaona? Anati eya. Amayi analowa m'nyumba, ife tinayesa kuti basi zathera pompo, kenako anatuluka ndi madzi mu kapu nkumupatsa. Sananene kuti ndakukhululukira, sananenenso kuti sindikukhululukira. Anati ng'ombe sakuzifuna kwa iye, koma akanene pamaso pa abale onse a mbali ziwiri kuti bambo sananame, ndipo dimba la kumtsinje chaka chino alime ndi iyeyo mpaka kukolola. Wavomera, wayamba Lolemba. Azakhali ndi amene akwiya tsopano, akuti tamuchititsa mwana wawo manyazi, sakutiyankhula. Za kusonkha mkulu wa mpingo anati akazitula kwa anzake, sindikudziwa ngati zipite patali.

Wa ku Joni:
Ambuye alemekezeke. Muuzeni asaphonye olo tsiku limodzi ku dimbako, masiku oyamba ndi ophweka, mwezi wachitatu ndi pamene satana amabwera

Mnyamata wa Yesu, Nchalo:
Aleluya!! Nanga inuyo mayi mtima uli bwanji, mgonero mudya?

Mai a Tadala, Bangula:
Sindikudziwa achimwene. Dzulo ndinamuona akubwera ku dimba ndi khasu la bambo paphewa, amayi ndi amene anamupatsa, mtima unawiranso ngati poyamba mpaka ndinalowa m'nyumba. Koma madzulo nsima yake ndinaphika ndine. Mgonero uliko sabata ya mawa, ndikaona konko.

Wakabaza pa Dyeratu:
Tsiku lokaulula kwa abale lija mundiuze, azakhaliwo ndikawatenga ndine pa njinga ulere, asadzanamizire thiransipoti

Gogo Mlaliki, Ngabu:
Mdzukulu akuti bandulo yatsala pang'ono. Mai a Tadala mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti gogo wa kwa Ngabu akufunsa ngati mbewu ya chimanga cha kudimba ali nayo kale, kuno yatsalako mbale ziwiri.